Makina osokera akale amene ndagula ku Limbe: ndipange tebulo?

MayiWaChilomoni
Muli bwanji nonse pagulu pano? Ndabwera kudzapempha nzeru. Loweruka lapitali ndinapita ku Limbe kukafuna makatani pa kaunjika, ndiye pobwerera ndikudutsa kwa ogulitsa zitsulo zakale kuja, ndinaona miyendo ya makina osokera itayedzamira pa mulu wa masipuling'i a galimoto. Ija yakuda yachitsulo, yokhala ndi chopondera pansi ndi gudumu lalikulu pambali, pakati pake palembedwa SINGER. Nditafunsa mtengo, mnyamata wake anati mutu wakenso ulipo, n'kuutulutsa m'thumba la feteleza. Ndagula zonse pamodzi. Thabwa lake lapamwamba ndiye linafumbwa, ukangoligwira likuyoyoka ufa.

Maganizo anga ndi oti ndichotse dzimbiri, ndiikepo thabwa labwino, kakhale katebulo ka pabalaza koikapo maluwa ndi zithunzi za ana. Mutuwo ndimati ndingoupukuta n'kuuika pashelefu. Tsono dzimbirilo ndichotse ndi chiyani? Thabwa loyenera ndi liti? Ndipake penti kapena ndisiye momwe zilili?

Ndix_265
Amayi mwatola. Ku malo ogona alendo kumene ndinkagwira ntchito miyendo ngati imeneyi anaikapo beseni losambira m'manja, alendo ankachita kujambulitsapo zithunzi.

TelalaWaPakhonde
Amayi, musanapake chilichonse, tayankhani kaye ili: mukazunguza kagudumu ka pamutupo ndi dzanja, kachitsulo kogwira singano kakukwera ndi kutsika?

MayiWaChilomoni
A Telala, kakuyenda pang'ono kenako n'kuuma. Ndinaopa kukakamiza.

TelalaWaPakhonde
Mwachita bwino osakakamiza. Ndiye kuti makinawo sanafe, angouma ndi oyilo wakale ndi fumbi la ulusi. Ine ndasoka pakhonde la sitolo zaka zoposa makumi awiri, ndipo kunena zoona mtima umandiwawa ndikamva kuti makina oti akhoza kusoka akukhala choikapo maluwa. Makina amenewa ndi munda. Ana anga anayi aphunzira ndi chopondera chimenechi. Magetsi akathima, anzathu a makina amagetsi amangokhala manja m'thumba, ife mayunifolomu a sukulu akutuluka. Pali anyamata ndi atsikana amene amaliza maphunziro a zosoka koma akungokhala kunyumba chifukwa chosowa makina. Ndiye inu mukufuna kulekanitsa mutu ndi miyendo, wina pashelefu wina pabalaza. Pepani ngati ndalankhula mowawa.

Sisi_wa_Namiwawa
Koma a Telala, ndalama ndi zawo, katundu ndi wawo. Akanapanda kugula amayiwa, zitsulozo zikanakwera lole kukasungunulidwa. Pamene zinali pa mulu paja atelala munali kuti?

TelalaWaPakhonde
Tinali pakhonde tikusoka, achemwali. Sindikukana kuti katundu ndi wawo. Afunsa maganizo, ndapereka anga.

Kalipentala_Bangwe
Ine ndiyankhe za funso lenilenilo, za mkanganowo muweruzana nokha. Ndakonzapo matebulo otere angapo.

Poyamba masulani zomwe zingamasuke, koma mabawuti ake musalimbane nawo ouma. Thirani palafini madzulo, m'mawa mubwerezenso, kenako sipanala pang'onopang'ono. Miyendo imeneyi ndi chitsulo chothira m'chikombole, n'cholimba pakulemera koma sichipindika, chimangothyoka ngati mbale yadothi. Mukamenya ndi hamala mudzalira.

Dzimbiri la pamiyendo, bulashi ya waya ndi mphamvu zanu basi. Tizitsulo ting'onoting'ono, mabawuti ndi zina, mukhoza kunyika mu viniga usiku umodzi, m'mawa n'kutsuka ndi madzi osungunuliramo soda kuti kuwawasa kwa vinigayo kuthe, kenako n'kuumitsa padzuwa nthawi yomweyo. Mukangozisiya zonyowa, pofika madzulo dzimbiri labwereranso. Miyendoyo ndi yaikulu, simungapeze chonyikamo, ndiye kulungani nsanza zonyowetsa ndi viniga pamalo pamene dzimbiri lakula.

Pa thabwa, ngati thumba likulola, mlombwa. Sufumbwa wamba, chiswe sichiukonda, ndipo mtundu wake wofiirira umagwirizana ndi chitsulo chakuda. Mbawa nayonso ndi yabwino. Paini ndi wotchipa koma amabonyoka msanga, kapu yotentha ikangokhalapo chizindikiro chatsala. Chachikulu thabwalo likhale louma bwino. Lambiri limene timagula limakhala laliwisi, mukalipala lero pakatha mwezi lapotoka.

Mphunzitsi_Opuma
Amayi a ku Chilomoni, tayang'anani pathupi pa mutuwo, kutsogolo chakumanja, pansi pa mzati wake. Pali nambala yodindidwa pachitsulo, nthawi zambiri imayamba ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri. Nambala imeneyo mukaifufuza pa intaneti imakuuzani chaka chimene makinawo anapangidwa. Kampani ya Singer inayamba mu 1851 ku America, koma makina ambiri amene anafika m'mayiko olamulidwa ndi Britain anapangidwa ku Scotland, ku fakitale yawo yaikulu ya ku Clydebank pafupi ndi Glasgow. Fakitaleyo inatsekedwa mu 1980. Makina ochokera kumeneko amatchulidwa ndi K kumapeto, monga 15K kapena 201K, K-yo ikuimira Kilbowie, dera limene kunali fakitaleyo.

Chimene chimandisangalatsa n'choti Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone kumene mzinda wathu unatengako dzina mu 1876, nayenso ali m'mbali mwa mtsinje wa Clyde womwewo. Ndiye ngati anuwo ndi a ku Clydebank, achoka pafupi ndi Blantyre wina kudzagona pa mulu wa zitsulo ku Blantyre winanso.

Ndix_265
Aphunzitsi ayambapo kalasi tsopano. Pitirizani bwana, tikumva.

Mphunzitsi_Opuma
Mwana wanga, ntchito inatha koma choko sichinachoke m'manja. Kampani ya African Lakes, imene tonse timaidziwa ndi dzina loti Mandala, nayonso inali ya ku Glasgow. Nyumba yawo ija ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndipo ilipobe. Dzinalo linabwera chifukwa cha magalasi amene John Moir, mmodzi wa oyang'anira kampaniyo, ankavala m'maso. Katundu wa ku Scotland wakhala akulowa mumzinda muno kuyambira kalekale.

MayiWaChilomoni
Abambo aphunzitsi, ndapukuta ndi nsanza ndipo nambala ndaiona, ikuyamba ndi zilembo ziwiri. Pamwamba pa mkono wake palembedwa Made in Great Britain ndi zilembo zagolide zofufutika. Mwana wanga akaweruka kusukulu andithandiza kufufuza chakacho.

Mekaniki_wa_Chirimba
Ndiye ndi enieni amenewo. Ena amene mumawaona m'misikamu ndi Butterfly a ku China, anawapanga motengera Singer 15, maonekedwe ake n'chimodzimodzi. Osati ndi oipa ayi, amasoka bwinobwino, koma ogulitsa ena amakuuza kuti ndi Singer kuti akweze mtengo.

TelalaWaPakhonde
Chonde amayi, viniga amene a Kalipentala anena uja asayandikire mutuwo. Sipiriti ayi, sopo wa ufa ayi, sandipepa ndiye ayi ndithu. Maluwa agolide aja ali pansi pa kavanishi kopyapyala, sipiriti amakasungunula, golideyo n'kuyera kapena kuchokeratu. Mutu timaupukuta ndi oyilo wa makina osokera pa kansalu kofewa, basi. M'kati mothiramo palafini pang'ono m'timabowo ta oyilo, kuusiya ugone, mawa n'kuyesa kuzunguza, kenako oyilo. Musathire mafuta ophikira, amauma n'kusanduka ulimbo. Makina ambiri amene anthu amabwera nawo kwa ine kuti afa, anawapha ndi mafuta ophikira.

Kodi kokhwimitsira ulusi kali kuti? Kutsogolo moyang'anana nanu, kapena kumbali ya kumanzere?

MayiWaChilomoni
Kali kumanzere, pa kachitsulo kowala kotseka kumapeto.

TelalaWaPakhonde
Ndi 15 ameneyo. Amayi, makina amenewo zipangizo zake zili paliponse. Singano zake ndi zomwezi timagula masiku onsezi, bobini chimodzimodzi, lamba wachikopa amapezeka m'masitolo a zosokera ku Limbe konko. Palibe chosowa.

GogoWaZingwangwa
Ana anga, mdzukulu wanga ndiye akundilembera, ine maso avuta. Nkhani iyi yandifikitsa kutali. Bambo anga anapita ku Joni ndi Wenela, bungwe lija lolemba anthu ntchito, kukagwira ntchito m'migodi. Pobwera ulendo wachiwiri anabweretsa zinthu zitatu: njinga, bulangete lolemera, ndi makina osokera. Tsiku limene makinawo anafika kumudzi kwathu ku Chiradzulu anthu anadzaza pabwalo ngati pali ukwati. Mayi anga sankadziwa kusoka, anawaphunzitsa ndi mayi wina wa ku mishoni. Madiresi athu a Khirisimasi, makabudula a alongo anga, zigamba za m'mudzi monse, zonse zinadutsa pamenepo. Usiku tinkagona tikumva chopondera, koloboyi ali pambali.

Ndege ya Wenela ija itagwa ku Francistown ku Botswana mu 1974 n'kupha amuna athu ambiri amene ankabwerera kumudzi, boma linaimitsa za Wenela. Bambo anali atabwera kale, sanapitenso. Iwo ankati m'mapapo mwawo munatsala fumbi la ku Joni, koma makina ndiwo anali malipiro ake.

Mayi atamwalira abale anagawana katundu, makinawo anatenga wina, kenako tinangomva kuti anagulitsa kwa ogula zitsulo. Mpaka lero zimandipweteka. Ndiye mwana wanga wa ku Chilomoni, kaya mupanga tebulo kaya musokera, ine ndikuthokoza kuti mwawachotsa pa mulu paja. Anali a munthu amenewo. Pali wina anawavutikira.

Sisi_wa_Namiwawa
Agogo mwandiliza. Kwathunso agogo aamuna anapita ku Salisbury, Harare wa lero, osabwerako, anatchona, ife tinangotsala ndi sutukesi yawo yachitsulo imene anatumiza. Ndimasungiramo mabuku pabalaza.

Mnyamata_wa_Soche
Popeza nkhani yafika pa zakale, ine ndili ndi simbi ya makala ija yokhala ndi katambala pa chotsekera. Ndinabzalamo kamtengo ka maluwa, ili pawindo. Aliyense wobwera amaifunsa.

Mekaniki_wa_Chirimba
Achimwene, mukuthirira madzi m'simbi? Chaka chino sichitha pansi pabooka. Ikani kachitini m'katimo, dothi likhale m'kachitinimo.

NaPhiri_Machinjiri
Simbi ya makala mwaisandutsa chokongoletsa kale? Ife kuno tikusitira nayobe, magetsi akapita Lamlungu m'mawa ndiyo imatipititsa kutchalitchi. Zimene ena mukuti zakale, kwa ena ndi za lero.

Mnyamata_wa_Soche
Amayi, yangayo chogwirira chinapsa ndipo chotsekera chinathyoka kumbuyo. Singasitenso.

NaPhiri_Machinjiri
Ngati ndi choncho palibe mlandu. Chimene sindigwirizana nacho ine ndi cha mitondo. Ndinapita ku ukwati wina ku Sunnyside, pakhomo aika mitondo iwiri yabwinobwino athiramo dothi abzalamo maluwa, wina anaugadabuza anthu n'kumakhalira. Ife tinakula akutiletsa kukhala pamtondo. Muli chakudya cha banja mmenemo. Malichero kukhoma ndilibe nawo vuto, oluka apezepo ndalama. Koma mtondo wokhalira, thupi langa linachita tsembwe.

Ndix_265
Zigayo zili pakona iliyonse amayi, akusinja ndani masiku ano m'tauni muno?

NaPhiri_Machinjiri
Nsinjiro mumagula za m'pepala eti? Chigwada mumasinjira m'chiyani?

Ndix_265
Apo mwandigwira.

Kalipentala_Bangwe
Tibwerere ku makina aja tisanawataye amayi a ku Chilomoni. Ndinaiwala za penti. Ine ndimakonda kusapaka penti wonyezimira, amabisa zilembo ndi maluwa a chitsulocho, chimaoneka ngati geti latsopano. Mukachotsa dzimbiri, pakani mafuta a linseed mopyapyala, pukutani otsala, musiye masiku angapo. Chitsulo chimada bwino koma ukalamba wake umaonekabe. Nsanza zimene mwapakira mafutawo musaziunjike pakona, zimatha kutentha zokha mpaka kuyaka. Ziyanikeni panja chotambasula kapena zinyikeni m'madzi. Ngati dzimbiri ladya kwambiri ndiye penti wakuda wosanyezimira, koma muyambe ndi penti wofiira uja woteteza dzimbiri.

China, ngati pali penti wina amene eni ake akale anapakapo pamwamba, musapale ndi makina m'nyumba. Penti wakale wina amakhala ndi mtovu, fumbi lake ndi loipa makamaka kwa ana. Palirani panja, mutanyowetsa, mutatseka pamphuno.

MayiWaMapasa
Za ana zomwezo ndiwonjezere. Kwa apongozi anga kuli tebulo lotere. Mwana wanga wina anaponda chopondera, mnzake dzanja lili m'gudumu. Chala sichinathyoke koma chikhadabo chinachoka, tinagona kuchipatala pamzere. Gudumu limenelo likayamba kuzungulira siliima msanga, n'lolemera. Ngati m'nyumba muli ana aang'ono limangeni ndi waya kapena lamba kuti lisayende.

MayiWaChilomoni
Pepani kwambiri amayi. Wamng'ono wanga ali ndi zaka zitatu, ndipo dzulo lomwe ndinamupeza akuponda. Ndamanga ndi chingwe pompano.

Ndapezanso vuto lina. Nditachotsa dzimbiri mwendo wa kumanja, pafupi ndi pamene pamalowa bawuti wa pansi, pali mng'alu wautali ngati chala. Kodi owotcherera a pamsewu angathe?

Mekaniki_wa_Chirimba
Asakuuzeni kuti "timawotcha chilichonse". Chitsulo chothira sichiwotchereredwa ngati chitseko cha geti. Akangoyatsa ndi ndodo wamba, pozizira chimang'aluka pambali pa pamene awotchapo, mng'alu umodzi kukhala iwiri. Wodziwa amayamba waboola kabowo kakang'ono kumapeto kwa mng'aluwo kuti usapitirire, amatenthetsa chitsulo chonsecho kaye, amagwiritsa ndodo ya nickel, amawotcha pang'onopang'ono, akamaliza amakwirira mumchenga wouma kapena m'phulusa kuti chizizire mosafulumira. Funsani amene amawotcherera zitsulo za injini, amenewo ndiwo amazidziwa. Mukamufunsa munthu kuti agwiritsa ndodo yanji iye n'kuyamba kukanda m'mutu, nyamulani katundu wanu.

Ngati ndi tebulo la maluwa chabe, mukhoza kungomanga kachitsulo kumbuyo ndi mabawuti awiri, sikaoneka. Koma ngati ndi osokera, kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku kumakulitsa mng'alu, pafunika kuwotcherera.

Sisi_wa_Namiwawa
Mwaona a Telala? Miyendo ndi yong'aluka. Apange tebulo basi, mutuwo akupatseni inuyo.

TelalaWaPakhonde
Ine sindikufuna kupatsidwa, achemwali, anga ndili nawo awiri. Anga omwe ndikusokerawa mwendo wake unawotchereredwa kalekale ndipo ulipobe. Chimene ndikunena n'choti makinawa anawapanga kale kuti akhale tebulo. Ambiri akale aja mutu umapindikira m'kati, n'kutseka ndi thabwa pamwamba, n'kuyalapo kansalu koluka. M'nyumba zambiri zimene tinakuliramo wailesi inkakhala pamenepo. A Kalipentala, simungapange thabwa lotero?

Kalipentala_Bangwe
Zimatheka. Pamafunika kuboola malo a mutu molingana bwino, timabowo tiwiri ta lamba, mahinjesi ake awiri a kumbuyo, ndi kabokosi pansi kolandira mutuwo ukapindika. Ntchito yake ndi yochuluka kuposa thabwa lafulati, mtengonso ukwera. Amayi, thabwa lofumbwa lija musataye kapena kusonkhera moto. Ndilo muyeso wake, ndipo mahinjesi ndi tizitsulo tina tili pomwepo. Koma lisalowe m'nyumba, tizilombo take tingasamukire ku mipando yanu. Likulungeni m'pulasitiki likhale panja.

Mphunzitsi_Opuma
Ndipo wina asakunyengeni ndi thabwa la mkungudza wa ku Mulanje ati chifukwa limanunkhira. Ndi mtengo wa fuko lathu, watsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo kuudula n'koletsedwa. Ngati mukufuna thabwa lokhala ndi mbiri, funani zitseko kapena mashelefu akale kwa amene akugumula nyumba. Louma kale, ndipo simunadulitse mtengo wina.

Ndix_265
Koma tinene zoona, mukaika mutu, lamba, kabokosi, ndiye kuti ndi makina osokera basi. Kukongola kuja kwa miyendo yokha ndi thabwa lochindikala pamwamba kwatha. Amayiwa anafuna chokongoletsa pabalaza, gulu lawasandutsa telala.

NaPhiri_Machinjiri
Kodi makina osokera si okongola?

Ndix_265
Ndi okongola, koma si zimene anafunsa.

MayiWaChilomoni
Abale, pepani ndinasowa masiku angapo. Ndikuuzeni mmene zayendera.

Nambala ija mwana wanga anafufuza, makinawa ndi a ku Clydebank monga ananenera aphunzitsi, ndipo ndi aakulu kuposa mayi anga ondibereka. Mutuwo ndinachita monga anandiuzira a Telala, palafini masiku awiri kenako oyilo. Tsiku lachitatu kagudumu kanangomasuka m'manja mwanga. Pansi pa kachitsulo ka mano paja ndinatulutsa ulusi wakale wothinana ngati chisa cha mbewa, wofiira ndi wobiriwira, ndi singano yothyoka. Ndinakhala nawo m'manja kwa kanthawi ulusi umenewo, ndikuganiza za mawu a agogo a ku Zingwangwa.

Telala wa pafupi ndi kwathu anabwera ndi bobini ndi singano, tinazunguza ndi dzanja pa chidutswa cha chitenje, ndipo anasoka mzere woongoka osadumpha ngakhale pamodzi. Nditaona zimenezo, za pashelefu zija zinandichoka.

Miyendo ili kwa owotcherera, ndinamufunsa za ndodo ndipo anayankha asanaganize n'komwe. Thabwa ndapeza chitseko chakale cha mlombwa kwa achimwene a amuna anga. A Ndix, ndakumvani, ndipo inenso chithunzi chimene chinali m'mutu mwanga chinali chomwecho. Ndapempha kuti chotsekera pamwamba chikhale chochindikala, chopanda vanishi wonyezimira, mabowo akale a loko asawatseke. Likatsekedwa ndi tebulo langa la maluwa lija. Kusoka sindidziwa, koma mwana wa mchemwali wanga akuphunzira, azidzabwera Loweruka.

Sisi_wa_Namiwawa
Ine ndikanapangabe tebulo lokha, koma zikuyendereni. Mudzatiponyere chithunzi.

TelalaWaPakhonde
Lamba watsopano amatamuka pakatha milungu ingapo, mukaona gudumu likuzungulira koma singano ikutsalira musadandaule. Masulani kawaya kolumikizira, dulani kachidutswa kakang'ono, boolani ndi msomali, lumikizaninso. Musadule kwambiri, lamba wothina amalemetsa mwendo. Maluwawo akhale m'mbale yosadontha, madzi asatsikire kumutu. Ndipo mtsikanayo akamaliza kusoka azichotsa lamba pagudumu ndi kumanganso chingwe chija chifukwa cha wamng'onoyo.

GogoWaZingwangwa
Mwana wanga, akadzayamba kuyenda ndi chopondera, mudzandijambulire kulira kwake pa foni munditumizire. Chithunzi sindingachione bwino, koma makutu akadali akumva.

MayiWaChilomoni
Ndidzatero agogo. Owotcherera ati miyendo igone mumchenga mpaka mawa, ndikaitenga Lachisanu.